Roger Corman, mdala woumira wa mafilimu otchipa

Ambirife dzina la James Cameron timalidziwa chifukwa cha Titanic, la Francis Ford Coppola chifukwa cha The Godfather, koma ukatchula Roger Corman anthu amangokuyang'ana kuti ameneyonso nde ndani, chonsecho awiri onsewa anayambira pakhomo pa mdala ameneyu akulandira tindalama tosagula kanthu.

Corman anabadwira ku Detroit ku America mu 1926, anaphunzira za uinjiniya ku yunivesite ya Stanford, ntchito yake yoyamba ya uinjiniyayo anangogwira masiku 4 nkusiya. Anakalowa ku kampani ya mafilimu ya 20th Century Fox ngati mesenjala, kenako nkumawerenga masikiripiti, ndipo pofika 1954 anali atapanga kale kafilimu kake ka chilombo cha pansi pa nyanja ndi madola pafupifupi 12,000 basi. Uinjiniya uja sunapite pachabe ayi, munthuyu filimu ankaiwerengera ngati fakitale, tsiku lililonse lili ndi mtengo wake, kamera ikangokhala osajambula kwa iye ndi ndalama ikutayika.

Nde taonani za The Little Shop of Horrors, ya 1960 ija ya chomera chodya anthu. Anapeza kuti seti ya filimu ina sinagwetsedwe, anaitana ma actor kuti ayeserere masiku atatu, kenako mbali yaikulu ya filimuyo anaijambula masiku awiri ndi usiku umodzi, makamera awiri akujambula nthawi imodzi kuti asamabwerezebwereze. Jack Nicholson ali kamnyamata alimo, ndi uja amabwera kwa dokotala wa mano akusangalala kuti amva kupweteka. Pa The Terror ya 1963 nde anachita kuonjeza, anajambula Boris Karloff, actor wotchuka wa mafilimu oopsa, masiku awiri akungoyendayenda m'nyumba yachifumu yomwe inatsala pa filimu ina, nkhani yake isanalembedwe nkomwe bwinobwino, anyamata ake kuphatikizapo Coppola ndi amene anadzavutika kulumikiza zidutswazo pambuyo pake. Ine ndinaionera ndipo musandifunse kuti imakamba chani, mutu ndi mchira sizikumana.

Komatu sikuti ankangodziwa zothamanga zokhazokha. Mafilimu oopsa omwe anapanga ndi actor Vincent Price kuyambira 1960 mpaka 1964, ochokera pa nthano za Edgar Allan Poe, ndi okongola zedi mpaka lero, utsi ndi mdima zimabisa kuchepa kwa ndalama moti sungadziwe.

Yomwe imandikhudza ine kwambiri ndi The Intruder ya 1962. William Shatner, asanatchuke ndi Star Trek, akusewera mzungu wolankhula mokoma amene wafika m'katauni kena kudzautsa chidani kuti ana achikuda asamaphunzire sukulu imodzi ndi azungu. Makampani anakana kuikapo ndalama, Corman ndi mng'ono wake Gene anatulutsa zam'thumba mwawo, nkupita kukajambula ku Missouri nthawi yomwe nkhani ya tsankhoyo inali ya moto, anthu akumeneko atazindikira kuti filimuyo ikunena iwo anayamba kuwaopseza mpaka kumawathamangitsa m'malo ena. Olemba za mafilimu anaiyamikira, koma anthu sanapite kukaonera, inaluza. Tangoganizani, munthu woti zilombo za labala zimamubweretsera phindu nthawi zonse, tsiku lomwe wanena zakukhosi kwake mpamene ndalama zinalowa m'madzi. Iye mwini ankanena kuti kuchokera pamenepo uthenga ankaubisa pansi, pamwamba nkuika zomwe anthu alipirira tikiti, njinga zamoto, mfuti, zilombo. Ine apa ndimaona kuti anafulumira kugonja, filimu imodzi yokha kuluza basi osayesanso? Koma nanga ndalama zinali zanga ngati.

Mu 1970 anatsegula kampani yake, New World Pictures, ndipo kujambula yekha anayamba kusiyira achinyamata. Martin Scorsese anapanga Boxcar Bertha mu 1972 pansi pa iyeyu, Jonathan Demme, Joe Dante, Ron Howard, omwe anadzakhala ma director otchuka, onsewa anadutsa pomwepo, Cameron anayamba ndi kumanga timasitima ta mumlengalenga ta filimu ya 1980. Malipiro anali omvetsa chisoni, tisanamizane, ena angati kunali kudyera ana masuku pamutu ndipo sindingawatsutse kwenikweni, kungoti ku Hollywood nthawi imeneyo panalibenso wina amene akanapatsa kamera mwana wosadziwika nkumuuza kuti kajambule, bola usapyole bajeti. Ron Howard amakonda kufotokoza kuti atadandaula za kuchepa kwa anthu pa seti, Corman anamuyankha kuti ukaigwira bwino ntchitoyi sudzandigwiriranso ntchito ine mpaka kalekale. Ndipo zinaterodi.

China chomwe anthu amaiwala nchoti kampani yomweyi ya mafilimu a akazi a kundende ndi nsomba zodya anthu ndi imene inkagula mafilimu a akatswiri olemekezeka akunja ngati Ingmar Bergman, Federico Fellini ndi Akira Kurosawa nkumawaonetsa ku America, ena mwa mafilimuwo mpaka anawina ma Oscar, mphoto zapamwamba za mafilimu. Yake Oscar yaulemu anadzalandira mu 2009, atapanga mafilimu mazanamazana, ndipo anapitirizabe kupanga ena a pa TV a shaki zosakanizika ndi nyama zina ali ndi zaka za m'ma 80. Anamwalira mu May 2024 ku Santa Monica ali ndi zaka 98.