Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Mmene ndinakhalira mmisiri wa matabwa ku Chibavi

Amene mwakhala mukutsatira nkhaniyi mukukumbukira kuti gawo lapita lija ndinalekezera pamene ndinatsika basi pa depoti ya Mzuzu mu 2007, satifiketi ya MSCE ili m'jumbo pamodzi ndi malaya. Lero ndifotokoza za ntchito imene ikundidyetsa mpaka pano, komanso za anthu amene anaika ndalama zawo pa ine pomwe panalibe chosonyeza kuti zidzabwerera.

Ine ndili m'gulu la ana amene tinayamba Sitandade 1 mu 1994, chaka chimene boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale. Chaka chimenecho chiwerengero cha ana asukulu chinachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo kwathu ku Dowa tinkaphunzirira pansi pa mtengo titakhalira njerwa. Sukulu yaulere ija sindiinyoza ngakhale pang'ono. Pakadapanda iyo, bwenzi lero sindidziwa kuwerenga tepi yoyezera, ndipo mawu mukuwerengawa sakadalembedwa. Koma titakwera mpaka Fomu 4 pa sukulu yoyendera ya CDSS n'kulemba mayeso, ambiri a ife tinapezeka kuti mapointi athu safika ku yunivesite, pomwe manja athu sadziwa ntchito ina kupatula khasu. Tinali ophunzira osowa kolowera.

Amalume anga ankagwira ntchito ya umesenjala mu ofesi ina ya boma, ndipo ankachita lendi nyumba ya zipinda ziwiri ku Chiputula. Kwathu mwana wa mlongo wako ndi udindo wako, choncho anangonditumizira uthenga kuti, "Mphwanga, bwera kuno. Ukakhala kumudziko ungokwatira msanga." M'nyumba mwawo tinkayankhula Chichewa, ndipo kutchalitchi kwathu kunali mabanja angapo ochokera ku Kasungu, Dedza ndi Ntcheu amene anabwera ku Mzuzu ndi ntchito. Chitumbuka ndinachiphunzirira pamsewu.

Pamsewu, chifukwa poyamba ndinkapalasa kabaza ya munthu wina. Aliyense amene anapalasapo njinga mu Mzuzu akudziwa kuti mzindawu ndi wa zitunda, ndipo mu June ndi July kumazizira koopsa, chifunga chili gwaa mpaka m'ma 9 koloko m'mawa. Madzulo ndinkapereka gawo la mwini njinga, n'kutsala ndi yogulira sopo basi. Pa siteji yathu anyamata okhala ndi MSCE tinalipo ambiri ndithu, ndipo nkhani yathu inali imodzi tsiku lililonse: pasipoti, ndalama ya transipota, ulendo wa ku Joni. Palibe ankakamba zophunzira ntchito yamanja, poti tinakulira m'maganizo akuti zimenezo ndi za anthu olephera sukulu.

Amalume ndi amene anaswa maganizo amenewa. Tsiku lina Lamlungu titaweruka kutchalitchi ananditengera kwa bambo wina wachikulire wochokera ku Ntcheu, amene anali ndi malo opalira matabwa ku Chibavi. Dzina lawo sinditchula. Tonse tinkangowatchula kuti a Mmisiri.

"Bambo, mnyamata uyu sukulu anamaliza, koma manja akewa ndi osaphunzira. Tithandizeni," anatero amalume.

A Mmisiri anandiyang'ana m'manja, kenaka kumaso. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Abwere mawa m'mamawa. Koma adziwiretu kuti chaka choyamba ndalama kulibe."

Ndalama kunalibedi, ndipo amalume ndi amene ankapereka kangachepe mwezi uliwonse kolipirira maphunziro ndi nsima yamasana. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti anasiya kukwera minibasi, n'kumapita kuntchito wapansi, kuti ndalama imeneyo ipezeke. Sanandiuzepo. Anandiuza ndi akazi awo.

Malo aja anali shedi ya malata akale, benchi imodzi yaitali, ndi mulu wa utuchi. Miyezi yoyamba ntchito yanga inali kunyamula matabwa, kusesa, kukwecha ndi sandipepa, ndi kunola. A Mmisiri ankati munthu wosadziwa kunola asagwire pleni. Kenaka anandiphunzitsa kuyang'ana thabwa, ndipo apa ndi pamene ndinayamba kuikonda ntchitoyi. Matabwa a paini ochokera ku Chikangawa ankafika ali aawisi, olemera ndi madzi. Ukafulumira kupanga nawo chitseko, pakatha miyezi ingapo chimapindika, osatsekekanso, ndipo kasitomala sabweranso. Choncho tinkawayala pamthunzi, tikuika timitengo pakati pa thabwa ndi thabwa kuti mphepo izidutsa, n'kuwasiya aume. Ku Mzuzu kuno chinyontho n'chochuluka, ndiye amatenga nthawi. A Mmisiri ankangolinyamula thabwa, kuligogoda ndi chala, n'kunena kuti, "Ili lidikire kaye." Anandiphunzitsa kuboola ndi tchizulo n'kulumikiza miyendo ya tebulo popanda kudalira misomali, kuyeza ngodya ndi sikweya, kutsata kumene ulusi wa thabwa ukulowera popala, ndi kupaka vanishi tsiku louma osati la chifunga.

Pali chinthu chimodzi chimene ine ndinabweretsa pamalopo. A Mmisiri sukulu analekezera m'makalasi oyambirira, choncho mitengo ya katundu ankangoiganizira m'mutu, ndipo kawirikawiri ankadzidyera okha masuku pamutu. Ndinayamba kulemba m'kope: matabwa angati, guluu wa zingati, misomali, vanishi, mayendedwe, ndi thukuta lathu. Tinapeza kuti mabedi ena tinkawagulitsa popanda phindu lililonse. Masamu a ku CDSS amene ndinkaona ngati anapita pachabe anagwira ntchito pa benchi ija. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anthu amene amasiyanitsa sukulu ndi luso, ngati kuti mwana ayenera kusankha chimodzi. Mmisiri wosadziwa kuwerengera amagwirira ntchito ena moyo wake wonse.

Zaka zimenezo ndalama yotsimikizika inali pa mabokosi a maliro, chifukwa Edzi inali ikutengabe anthu ambiri ngakhale kuti ma ARV aulere anali atayamba kuperekedwa mu 2004. Tinkawapanga, koma a Mmisiri sankafuna kuti ndizolowere zimenezo zokha.

Ndiloleni ndipatuke pang'ono ndikambe za Chikangawa, chifukwa nkhaniyi imandipwetekabe mtima. Nkhalango ya Chikangawa, imene imatchedwanso Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inadzalidwa n'cholinga choti idzadyetse fakitale yopanga mapepala, koma fakitaleyo sinamangidwe. Nthawi imene ndinkaphunzira ntchito, malole odzaza matabwa ankadutsa mu Mzuzu usana ndi usiku kulowera ku chipata cha Songwe, kupita nawo kunja ali osapala n'komwe. Ife tinkaima m'mbali mwa msewu n'kumawaonerera. Thabwa lomwelo likasanduka chitseko, desiki kapena kabati, mtengo wake umakwera kangapo, ndipo ndalama yapamwambayo ndi malipiro a munthu wodziwa ntchito. Malipiro amenewo ankapita kwa amisiri a maiko ena, pomwe anyamata a kuno akupalasa kabaza. Lero nkhalangoyo inatha kwambiri chifukwa cha kudula mosasamala ndi moto, matabwa anakwera mtengo, ndipo m'masitolo a m'tauni muli mipando yochokera kunja. Mitengo tinali nayo. Chimene sitinakonzekere ndi manja okwanira oisandutsa chuma.

Nditazolowera ntchito, a Mmisiri anandikakamiza kukalemba mayeso a boma a ntchito zamanja otchedwa Trade Test, Giredi 3. "Luso uli nalo," anatero, "koma akuluakulu opereka makontrakiti amafuna pepala." Ndinakhoza.

Apa ndi pamene anzanga ambiri anagwera, ndipo mpamene ndikufuna kuti owerenga mumvetse bwino. Munthu wamaliza kuphunzira, pepala ali nalo, koma sowo ndi ya abwana, pleni ndi ya abwana, ngakhale hamala. Makampani olemba akalipentala ntchito ndi ochepa. Kuti uyambe pawekha pafunika zipangizo, ndipo zipangizo zimafuna ndalama imene wophunzira alibe, poti nthawi yonseyi sanali kulandira. Panali mnzanga wina amene tinkaphunzira limodzi, waluso kundiposa ine kutalitali. Mipando yake inkaoneka ngati yogula m'sitolo. Anadikira, anayesa maganyu, kenaka anabwereka ndalama ya transipota. Lero ali ku Johannesburg akusamalira maluwa pa nyumba ya munthu. Zaka zonse anaphunzira zija, ndalama zonse makolo ake anaononga zija, zinathera pa kusowa bokosi limodzi la zipangizo.

Ine amene anandipulumutsa ndi akazi awo a amalume, amene ndimawatchula kuti amayi. Ankagulitsa mandasi ndi zitumbuwa, ndipo anali m'chipereganyu ndi amayi anzawo a pamsika. Aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti nthawi yawo yolandira ikadzakwana, ndalamazo ndi za malata a nyumba imene ankamanga kumudzi. Atalandira anandiuza kuti ndiwaperekeze m'tauni. Tinalowa mu hadiweya ina, ndipo anati, "Tchula zimene zikufunika."

"Mayi, ndalama izi si za malata kodi?"

"Malata udzagula ndiwe, mwananga. Tchula."

Tinatuluka ndi sowo, pleni, hamala, sikweya, tepi, matchizulo, choboolera chamanja ndi mwala wonolera. Bokosi loikamo ndinapanga ndekha madzulo omwewo ndi zidutswa zimene a Mmisiri anandipatsa. Amayi aja sanawerengepo buku lililonse la zachuma, koma anadziwa kuti fizi imene amuna awo anapereka ikhala yotayika ngati sawonjezerapo gawo lotsirizali.

Dziko lathu silinakhale chete pa nkhani ya luso. Bungwe la TEVETA, loyang'anira maphunziro a luso, linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya ndalama za malipiro kuti ithandize maphunziro a ntchito zamanja. Tili ndi makoleji a boma a luso monga Mzuzu Technical College ndi Livingstonia kuno kumpoto, Lilongwe, Namitete ndi Salima m'chigawo chapakati, Soche ndi Nasawa kummwera. Mu 2015 boma la a Peter Mutharika linayambitsa makoleji a luso a m'madera, kuyambira ku Ngara m'boma la Karonga. Zonsezi n'zabwino ndipo ndimazithokoza. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo anthu 17.5 miliyoni, ndipo opitirira theka anali ana osakwana zaka 18. Mzuzu yekha anali ndi anthu oposa 220,000. Makoleji amenewa sangalandire unyinji wonsewu. Achinyamata ambiri aziphunzirabe mmene ndinaphunzirira ine, m'mashedi a ku Chibavi, Zolozolo ndi Mchengautuwa, kwa amisiri owotcherera, osoka, okonza magalimoto ndi omanga nyumba. Aphunzitsi enieni a dziko lino ambiri ali kumeneko, ndipo ndi ochepa amene amawaganizira pokonza mapulani.

Ndikamamva pa wailesi kuti achinyamata mwakutimwakuti aphunzitsidwa luso, funso langa limakhala limodzi: patatha zaka ziwiri, ndi angati amene akudya za luso limenelo? Kuwerenga amene alandira masatifiketi n'kosavuta. Amene akufuna kuthetsa umphawi kudzera mwa achinyamata, kaya ndi boma, mpingo, bungwe kapena wachibale, alipire mpaka pamapeto: fizi, chakudya cha wophunzira nthawi imene salandira kanthu, mayeso, ndi zipangizo zoyambira. Gawo lotsirizali lavuta kwambiri tsopano. Pafupifupi zipangizo zonse zimachokera kunja, ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake inakwera mwakuti mayi wogulitsa mandasi sangachitenso mosavuta zimene amayi anga anachita.

Pa malo anga lero ndili ndi anyamata ndi atsikana ophunzira. Pa katundu aliyense amene wophunzira wagwirapo, ndimapatula kandalama n'kulemba m'kope pa dzina lake. Sindimupatsa m'manja, ngakhale adandaule. Tsiku lotsanzikana timapita limodzi ku hadiweya. Zimandichepetsera phindu, ndipo ena mwa iwo amakatsegula malo awo pafupi ndi ine n'kunditengera makasitomala. Ndimavomera, chifukwa ntchito ya matabwa mu mzinda umene ukukula chonchi singathe.

Tibwerere ku nkhani yathu. Ndi bokosi langa lija ndinapempha a Mmisiri kuti andilole kugwiritsa ntchito mbali imodzi ya benchi yawo Loweruka, ndipo analola. Oda yanga yoyamba inachokera kwa mayi wina wa ku Luwinga amene ankamanga zipinda zochititsa lendi kwa ophunzira a pa Mzuzu University. Ankafuna mabedi ndi timatebulo towerengerapo. Anapereka theka la ndalama, ndinagula matabwa ouma kale ngakhale anali odula, ndipo ndinamaliza pa tsiku limene tinapangana. Atabwera kudzaona anagwedeza bedi limodzi mwamphamvu, kenaka n'kundiuza kuti mchemwali wawo akumanganso zipinda ku Lupaso.

M'gawo lotsatira ndidzafotokoza mmene ndinapezera malo angaanga, ngongole imene inatsala pang'ono kundigwetsa mu 2012, ndi mmene ndinakumanirana ndi mayi wa ana anga.