Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Matenda amene anabisala m'thukuta

Kwathu ku Ngabu munthu sadandaula za thukuta m'mwezi wa Okutobala, pakuti aliyense amakhala akulipukuta, n'chifukwa chake ndinatha miyezi yambiri osazindikira kuti ndikudwala. Ndinkadya nsima yambiri kuposa kale, koma masiketi anga onse anayamba kundikulira, dzanja linkanjenjemera ndikagwira choko m'kalasi, ndipo usiku mtima unkathamanga mpaka kundisowetsa tulo. Anthu anayamba kunong'onezana kuti ndili ndi kachilombo, zomwe zinandipweteka kwambiri. Ndinakayezetsa kawiri, osandipeza nako.

Amene anaona chenicheni ndi amayi anga, tsiku lina tikusenda chimanga pakhonde. "Mwana wanga, tadzutsa mutu," anatero, nkundigwira pakhosi ndi zala ziwiri. "Ichi ndi chithokomiro, ngati cha agogo ako."

Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anandiyeza magazi nkupeza kuti chithokomiro changa chinkatulutsa mahomoni ochuluka mopitirira muyezo, moti thupi lonse linkagwira ntchito mothamanga. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti adokotala anatenga nthawi yaitali pachifuwa kuposa pakhosi. Anandifotokozera kuti vutoli likalekereredwa limasokoneza kagundidwe ka mtima, magazi amatha kuundana m'kati mwake nkukatseka mtsempha wa mu ubongo, ndipo limafooketsanso mafupa. Pambuyo pake ndinawerenga za kafukufuku wa ku Framingham, ku America, wofalitsidwa mu 1994, amene anapeza kuti anthu a zaka 60 kapena kuposerapo omwe magazi awo ankasonyeza kutsika kwambiri kwa TSH (homoni yolamulira chithokomiro, imene imatsika chithokomirocho chikamagwira ntchito mopitirira muyezo) ankadwala vuto la mtimali mowirikiza katatu kuposa anzawo m'zaka 10 zotsatira. Kwa ine n'zomvetsa chisoni kuti kumudzi timaona chotupa chapakhosi chokha, osadziwa kuti chingafike mpaka ku mtima.

Anandipatsa carbimazole wochepetsa mahomoniwo ndi propranolol wokhazika mtima pansi, nkundiuza tsiku lobwereranso.

Pobwerera, minibasi ikutsika makhotakhota a ku Thabwa, mtsinje wa Shire ukuoneka patali, ndinawafotokozera amayi zonse zimene ndinauzidwa. Anakhala chete mpaka tinawoloka mlatho, kenako anati: "Agogo ako anadzuka m'mawa wina atafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa patapotoka. Ife tinkati anawalodza chifukwa cha dimba lija."