Kamera yakale ndi bokosi la mdima, yambirani pamenepo

Kamera ya filimu iliyonse, kaya ndi Pentax K1000 yachitsulo imene inatuluka mu 1976 kaya Holga yapulasitiki yopepuka ngati chidole, ntchito yake ndi imodzi: kusunga filimu mumdima, n'kulola kuwala kulowera pa lenzi pokha, kwa kanthawi koyenera. Zambiri zimene zimagwetsa ulesi anthu oyamba kumene kutolera makamera akale zimachokera pamenepa. Mwina kuwala kukulowera pena, mwina kukukhalitsa kuposa nthawi imene yalembedwa. Choncho musanatengeke ndi kunyezimira kwa kunja, tsegulani chitseko chakumbuyo.

Chimene mukufuna kuona ndi siponji. Makamera ambiri a ku Japan a m'ma 1970 ndi 1980 anaikidwa tisiponji takuda m'ngalande za chitseko, pa mahinjesi, ndi pamene kalilole wa m'kati mwa kamera amakagunda akatukuka. Pakapita zaka 30 kapena 40 siponjiyo imasungunuka n'kumamata ngati phula. Ikhudzeni ndi kamtengo kotokosera m'mano: ikamata kapena kunyenyeka, ndiye kuti yatha. Kusintha sikovuta, kumangofuna kudekha. Nyowetsani yakaleyo ndi isopropyl (spiriti yotsukira), dikirani mphindi ziwiri, kenaka palani ndi kamtengo, osati ndi chitsulo, chifukwa penti yakuda ikapalika malowo amayamba kubweza kuwala. M'ngalande zopapatiza ulusi wakuda wolukira majuzi umakhala bwino popanda guluu. Pa mahinjesi dulani siponji yomata ya 1 mm kapena 1.5 mm, yokhuthala kuposa apo imachititsa chitseko kutsekeka mokakamiza. Pafupi ndi kalilole ndiye samalani kwambiri. Dontho limodzi likagwera pa focusing screen (pamene chithunzi chimaonekera mukasuzumira m'kamera), pulasitiki yakeyo imatha kuchita chifunga chosachoka.

Chitseko chikadali chotsegula, lozetsani kamera pa zenera n'kuyesa shutter (chotsekera chimene chimatseguka kwa kanthawi kuti kuwala kufike pa filimu) pa liwiro lililonse, kuyambira sekondi imodzi mpaka 1/1000. Khutu limathandiza pa maliwiro apansi: sekondi imodzi ikamveka ngati itatu, kapena ikakakamira pakati, mafuta a m'kati auma. Nthawi zina kuombetsa maulendo makumi angapo kumamasula, koma musathiremo mafuta opopera, amafalikira mpaka pa magalasi. Ngati shutter yake ndi yansalu, ikani tochi kutsogolo muli m'chipinda cha mdima, muone ngati pali timabowo. Dzuwa likadutsa pa lenzi yosavundikira limaboola nsaluyo. Ndipo pa Zorki ndi FED, makamera a ku Soviet Union amene otolera ambiri amayambira, kokani kaye filimu musanasinthe liwiro. Mukachita mosemphanitsa mutha kuwononga za m'kati.

Lenzi iunikeni ndi tochi chammbali. Fumbi pang'ono lisakudetseni nkhawa, silioneka pa chithunzi. Choopsa ndi chuku, chimene chimaoneka ngati ukonde wa kangaude ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wa pagalasi. Chimakonda chinyezi ndi mdima, n'chifukwa chake si nzeru kusunga kamera m'chikwama chake chachikopa. Iikeni m'bokosi lotsekeka bwino muli silica gel (timibulu toyamwa chinyezi), chinyezi chisapitirire 60 peresenti.

Batire ndi msampha wina. Makamera ambiri akale anapangidwira batire ya mercury ya 1.35 V, monga PX625, imene inaletsedwa kalekale. Ya alkaline imakwana pamalopo koma ndi ya 1.5 V, ndipo mphamvu yake imatsika pang'onopang'ono, motero mita yoyeza kuwala imanama mosiyana mwezi ndi mwezi. Batire ya zinc-air nambala 675, ija ya m'zipangizo zothandiza kumva, imapereka pafupifupi 1.4 V ndipo imachita bwino mukaizinga kamphira kuti isagwedere, ngakhale kuti imatha msanga mukangochotsa kapepala kake. K1000 ilibe vutoli, imadya LR44 kapena SR44, ndipo batireyo ndi ya mita yokha. Olympus Trip 35, imene inayamba kugulitsidwa mu 1967, sifuna batire n'komwe chifukwa mita yake ndi ya selenium, imene imatenga mphamvu ku kuwala. Kuiyesa n'kosavuta: ikani pa A (pamene kamera imadzisankhira yokha), phimbani lenzi ndi dzanja, dinani. Kambendera kofiira kakatulukira m'kazenera koonera ndipo shutter n'kukana, tembenukirani kowala; ikaomba pamenepo, mita ili moyo.

Komabe umboni weniweni uli pa filimu yoyamba. Gulani yatsopano, osati yotha nthawi, kuti vuto likaoneka musamakayike kuti ndi kamera kapena filimu. Lembani liwiro ndi aperture (kukula kwa bowo la m'lenzi lolowetsa kuwala, kolembedwa ngati f/16) ya chithunzi chilichonse. Padzuwa lamphamvu, ndi filimu ya ISO 100 (nambala yosonyeza mmene filimu imamvera kuwala), yambirani pa 1/125 ndi f/16, kenaka jambulani chinthu chomwecho pa 1/250 ndi f/11, pa 1/500 ndi f/8, pa 1/1000 ndi f/5.6. Zinayizi ziyenera kuwala mofanana. Chimene chasiyana chakuuzani liwiro lodwala. Chithunzi chikada mbali imodzi pa 1/1000, nsalu yachiwiri ya shutter ikuipeza yoyamba isanamalize ulendo.

Mukatsukitsa, funsani negetivu yanu, musangokhutira ndi zithunzi za pa kompyuta. Banga la kuwala likadutsa malire a chithunzi mpaka kukafika pa timabowo ta m'mphepete, silinadzere pa lenzi. Pa filimu yamitundu, banga lofiira kapena lachikasu limatanthauza kuti kuwala kwachokera kumbuyo, ku chitseko, pomwe loyera nthawi zambiri limachokera kutsogolo. Kumbukiraninso kuti m'kamera chithunzi chimakhala chozondoka: banga la kumwamba kwa chithunzi likalondoleni kumunsi kwa kamera. Ambiri amamata tepi mbali yolakwika chifukwa choiwala zimenezi.

Makamera apulasitiki ali ndi khalidwe lawolawo. Diana inkapangidwa ku Hong Kong m'ma 1960, Holga inatulukira komweko kumayambiriro kwa m'ma 1980, ndipo onse amadya filimu ya 120, yotakata ndi yokulungidwa pamodzi ndi pepala, imene Kodak inayambitsa mu 1901. Lenzi ya Holga 120N ndi kapulasitiki kamodzi ka 60 mm: pakati pa chithunzi pamaoneka bwino, m'makona mumada ndi kufewa. Chimenecho ndiye chokoma chake, ndipo n'chimene anthu amaigulira. Mabanga a kuwala ena amawakondanso, koma kwa ine banga limakoma ngati mwalilola nokha, osati likakudyerani nkhope ya munthu amene mumafuna kumjambula.

Ndiye tengani tepi yakuda yansalu. Matani tizitsulo tiwiri ta m'mbali togwira chitseko, chifukwa lamba wa kamera akakoka timatsetsereka, chitseko n'kugwa filimu ili m'kati. Pa kazenera kofiira kowerengera manambala ikani kachidutswa koti muzitukula pokoka filimu pokha, mutafulatira dzuwa. Kufiira kwa kazenerako kunkateteza mafilimu akalekale amene sankaona kuwala kofiira. A masiku ano amakuona. Onetsetsaninso kuti kazenerako kakugwirizana ndi felemu imene mwaika m'kati: 12 ngati ndi ya 6x6, 16 ngati ndi ya 6x4.5. Mukasiya pa 16 felemu ili ya 6x6, zithunzi zimakwerana.

Vuto limene limapweteka kwambiri ndi mpukutu wolendewera. Filimu ikakulungidwa mosathina, kuwala kumalowera m'mphepete mwa pepala nthawi imene mukuitulutsa, ndipo zithunzi zomalizira ndiye zimapsa. Pindani kachidutswa ka katoni ya filimuyo, kaikeni pansi pa mpukutu watsopano kuti ukoke molimba, ndipo pomaliza tulutsani muli pamthunzi.

Pa Holga palibe zambiri zosintha. Shutter ndi ya pafupifupi 1/100, ndipo pa ma Holga ambiri akale kabatani ka dzuwa ndi mtambo sikasintha kanthu ngakhale mukasunthe. Choncho chimene mumasankha ndi filimu: ISO 100 padzuwa lamphamvu, ISO 400 kukakhala mitambo kapena pamthunzi. Mukakayika tengani 400, chifukwa negetivu imapirira kuwala kochuluka kuposa kochepa. Filimu ya slide, imene imatuluka ngati chithunzi chenicheni osati negetivu, ipeweni, simakhululuka. Zizindikiro za pa lenzi n'zongoyerekeza: munthu mmodzi ndi mita imodzi, anthu atatu ndi mamita awiri, gulu ndi mamita 6, phiri ndi 10 kupita kutali. Musanadine, suzumirani pansi pa lenzi muone ngati kabatani kali pa N. Kakasunthira pa B m'chikwama, shutter imakhala yotsegula nthawi yonse imene chala chili chodina, ndipo mpukutu wonse umatuluka wogwedera. Chivundikiro cha lenzi nachonso n'chosavuta kuiwala, popeza kazenera koonera sikadzera pa lenzi. Ndipo kamerayi sikuletsani kujambula kawiri pamalo amodzi, choncho khalani ndi chizolowezi chimodzi: mukangodina, kokani filimu.

Otolera ma Kodak Brownie adzakumana ndi filimu ya 620, imene Kodak inasiya kupanga mu 1995. Filimu yake ndi yofanana ndi ya 120, chosiyana ndi kachitsulo kokulungirapo, kamene ndi kowonda. Mukakhala ndi tizitsulo tiwiri ta 620, muli mumdima wandiweyani kulungani 120 yonse pa koyamba, kenaka bwezerani pa kachiwiri, mukuonetsetsa kuti nsonga ya filimu yosamatidwa yalowa pamodzi ndi pepala. Mukafika pa tepi n'kupeza kachotupa, matulani tepiyo, salazani, n'kumatanso. Potumiza kukatsukitsa, lembani pa mpukutu kuti akubwezereni kachitsulo kanu, chifukwa nthawi zambiri amataya.