Zikomo achimwene a kambendera ka maola 4

Dzina lanu sindinakufunseni achimwene, koma ndikhulupirira mawu awa akupezani. Ndinu amene munabereka kambendera kolembedwa 4:00, potsogolera ife ofuna kumaliza m'maola 4, pa mpikisano wothamanga mtunda wautali wa marathon uja, ndipo ine ndine mayi wa ku Mangochi amene sindinachoke pambuyo panu.

Kuno ndinkakonzekera ndekha mbandakucha, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa Shire dzuwa lisanayambe kuotcha. Mphamvu ndinali nazo, koma kuzisunga sindinkadziwa. Inu munatigwira pa mphindi 5 ndi masekondi 41 kilomita iliyonse, ngakhale ena ankafuna kuthamangitsa poyambirira.

Titadutsa makilomita 30, miyendo inandilemera ngati yamangiriridwa miyala, misozi ili pafupi. Munandiuza kuti ndimwe madzi, ndisiye kuyang'ana wotchi, ndingoyang'ana msana wanu. Ndinatero mpaka makilomita 42.195 anatha.

Chimene chimandikhudza n'chakuti mukanatha kutisiya kutali n'kukamaliza kale. Nditakufunsani chifukwa chake, munati nanunso wina anakuperekezani chotere pa mpikisano wanu woyamba.

Mukadzafika ku Mangochi, chambo chikukudikirani pakhomo pathu. Mulungu akudalitseni.