Munda wamiyala wa banja la Perrin

Abale inu, tikamakamba za bizinezi ya banja tisamaiwale a Perrin aku France. Ali ndi munda wa mphesa wotchedwa Château de Beaucastel, kufupi ndi Courthézon m'dera la Châteauneuf-du-Pape kumwera kwa dzikolo. Anaugula ndi Pierre Tramier mu 1909, tizilombo ta phylloxera titapulula kale mphesa zambiri kumeneko, kenako anasiyira mkamwini wake Pierre Perrin. Eya mkamwini! Mpaka pano ndi zidzukulu zake zomwe zikuyendetsa zinthu.

Nthaka yake mutaiona mungaseke, miyala yokhayokha yobulungira ngati yamumtsinje, koma miyala imeneyo ndi yomwe imasunga kutentha kwa dzuwa masana n'kumakutulutsa usiku mphesa n'kumapsa bwino, ndiye kulinso chimphepo amachitcha mistral chimaumitsa masamba matenda osafala. Amalima mitundu yonse 13 ya mphesa yovomerezeka m'deralo, anzawo ambiri amadalira Grenache koma iwowa amaikonda kwambiri Mourvèdre.

Jacques Perrin, mwana wa Pierre Perrin, anasiya mankhwala ndi feteleza wa makemikolo cha m'ma 1950 anzake akuzithamangira, munthu analimba mtima ameneyu. Atamwalira mu 1978 ana ake Jean-Pierre ndi François anapitiriza, ndipo vinyo wawo wapamwamba anamutcha Hommage à Jacques Perrin. Mtengo wa botolo limodzi musandifunse.