Masiku atatu pa resitihausi ya pa boma la Nkhotakota

Cholakwa changa choyamba chinali kunyamuka mochedwa. Ine ndi mayi akunyumba tinafika pa depoti ya ku Lilongwe cha m'ma 10 koloko m'mawa, tikudzinamiza kuti makilomita 200 ndi pafupi, nkhomaliro tikadyera ku Nkhotakota. Tinaiwala kuti minibasi siyendera wotchi, imayendera kudzaza. Pa Kaphatenga, pomwe msewu wa M5 umapatukira kumpoto usanalowe m'tauni ya Salima, kondakitala anatigulitsa kwa mnzake, ndipo tinakhala pamenepo mpaka tinadya chipisi cha pachiwaya kawiri. Kuchoka apo ndi Khombedza, Thavite, Benga, paliponse kuima, kutsitsa thumba, kukweza dengu. Tinatsika pa boma kuli chisisira.

Mlendo wofika usiku alibe mlomo, amalandira chilichonse chimene wapatsidwa. Wakabaza woyamba kutithamangira anati, "Madala, malo abwino ndikuwadziwa, otchipanso." Anatifikitsa pa nyumba ina yooneka bwino kunja, koma kuseri kwa khoma la chipinda chimene anatilozera kunali bala, sipikala ikugunda mpaka zenera kunjenjemera. Mayi akunyumba analowa ku bafa n'kutsegula mpopi, munatuluka mphepo yokha. Kenako anatukula matiresi, n'kuunika ndi foni m'mphepete mwa msoko. Timadontho takuda tija tinalipo. Amene anagonapo ku sukulu yogonera komweko amadziwa kuti pamenepo nsikidzi zamanga mudzi. Anangondiyang'ana, ine n'kunyamula chikwama.

Chinatipulumutsa n'chakuti tinali tisanapereke ndalama. Pa malo ang'onoang'ono ngati awa, ndalama ikalowa m'kabati kuti ituluke ndi mlandu. Ndiye pemphani kiyi kaye, mukaone chipinda ndi maso anu, zolipira pambuyo. Wolandira alendo akamakana zimenezo, wakuuzani kale zonse. Wakabazanso musamukwiyire, ambiri amalandira kangachepe akabweretsa mlendo, ndiye amakutengerani komwe kuli phindu lake.

Yachiwiri tinaipeza poyenda wapansi, titafunsa mayi wina wogulitsa m'golosale. Ili mkati pang'ono kuchoka mumsewu waukulu, zipinda zochepa zozungulira bwalo losesedwa bwino, pakati pali mtengo wa mango. Mayi wa pa resepushoni anayamba ndi moni wathunthu, "Takulandirani bambo, takulandirani mayi, mwayenda bwanji?" Kenako anafunsa ngati tikufuna cha self-contained kapena cha bafa lapanja. Tinaona zonse ziwiri. Cha bafa lapanja chinali chotsikirako mtengo ndipo chinali choyera, koma ndinaganiza zodzuka pakati pa usiku kudutsa pabwalo ndi tochi, ndinasankha chinacho.

M'chipindamo ndinayamba ndi neti. Kuno ndi kunyanja, udzudzu si mlendo, ndipo neti yobooka ndi yoopsa chifukwa udzudzu ukalowa sutulukanso. Ndinaitambasula yonse, ndinapeza bowo limodzi, mayi uja analimanga ndi ulusi pomwepo. Ndinayesa loko wa pachitseko, soketi yotchajira foni, fani, ndi mpopi. Madzi ankatuluka, komabe pakona panali ndowa yodzaza, chizindikiro chakuti eni malo amadziwa kuti mpopi umatha kuuma ndipo anakonzekera. Ndinafunsa za magetsi. "Akathima tili ndi sola ya mababu, bambo, koma foni mudzabweretse kuno."

Kenako buku la alendo. Mumalemba dzina, nambala ya chiphaso cha unzika, komwe mwachokera ndi komwe mukupita, choncho chiphasocho musachisiye kunyumba. Ine ndinalipira usiku umodzi wokha ngakhale tinkafuna kukhala masiku atatu, kuti zikavuta tisamangike. Amalandira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, koma amati muwonjezere yotapira, ndiye amene ali ndi ndalama m'thumba amapulumutsako pang'ono. Pemphani lisiti, funsaninso zinthu ziwiri zimene anthu amakanganirana m'mawa: ngati kadzutsa ali mumtengo womwewo, ndi nthawi yotulukira m'chipinda. Pomwe tinagonapo kadzutsa analimo, tiyi, buledi ndi dzira, ndipo nthawi inali 10 koloko. Chakudya chamadzulo saphikiratu, mumanena masana kuti akagule ndiwo. Usiku woyambawo tinadya kunja, koma wachiwiri anatiphikira kondowole ndi chambo chowamba. Ife a ku Lilongwe tinazolowera nsima ya ufa woyera, ndiye kondowole anatiphunzitsa kuti iyeyu satafuna, amangomeza. Mayi akunyumba anagonja pa mbamu yachitatu n'kupempha mpunga.

Munthu amene anatikonzera ulendo wonse sanali wa pa resepushoni, anali mlonda, mkulu wa imvi wovala chisoti cha Chisilamu. Ndinamupeza pageti akuwotha mbaula, chifukwa unali mwezi wa Ogasiti ndipo mwera unkaomba kuchokera kunyanja. Nditamufotokozera zomwe tabwerera anati, "Bwana, mawa yambani kumishoni dzuwa lisanakwere, mutsikire kunyanja. Ku Mawira mupite madzulo. Kunkhalango kokha musapite ngati mukupita kumsika, kumafuna galimoto." Anandipatsanso nambala ya mdzukulu wake wa kabaza yamoto. Malo ogona a m'mbali mwa nyanja, aja okwera mtengo, ali ndi mapepala osindikizidwa ofotokoza zoti mukaone. Ife pepala lathu linali mkuluyu, ndipo silinalakwitse paliponse.

Tinadzutsidwa ndi kuitana kwa ku mzikiti kusanache. Titamwa tiyi tinayenda wapansi kulowera kunyanja, ndipo apa m'pamene ndinaona ubwino wogona pakati pa boma: zonse zakale za Nkhotakota zili pamtunda woyenda ndi miyendo. Pa mishoni ya Anglican, pafupi ndi chipatala cha St Anne's, pali mkuyu waukulu umene anthu amautcha mtengo wa Livingstone. Mu 1863 David Livingstone anafika kuno n'kukambirana ndi Jumbe, mtsogoleri wa Aswahili ogulitsa akapolo, komanso mafumu a Achewa za malonda a akapolo. Mawu ake sanathetse kanthu nthawi imeneyo, malondawo anapitirira zaka zina zambiri. Ndinaphunzira zimenezi ku pulayimale ngati mayankho a mayeso, koma kuima pansi pa mtengowo n'kosiyana. Anthu odikira odwala anali atakhala pamthunzi womwewo, wina akusenda nthochi, mwana akulira kumsana. Palibe mpanda wagalasi, palibe wolipiritsa. Mtengo ukugwirabe ntchito ya mtengo.

Chapafupi pomwepo pali tchalitchi cha All Saints. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anakhazikika kuno mu 1894, ndipo m'tchalitchimo munaikidwa Chauncy Maples, bishopu wa Likoma amene anamira pa nyanja mu 1895 ngalawa yake itagubuduzika ndi namondwe, asanafike n'komwe kukayamba ntchito yake ya ubishopu. Sitima ija yakale yotchedwa Chauncy Maples inatenga dzina kwa iyeyu. Tinapempha chilolezo kwa bambo wina amene ankasesa pakhomo, anatitsegulira, ndipo potuluka tinaponya kangachepe m'bokosi la chopereka. Sanatiuze kutero, koma munthu wakutsegulira chitseko sumusiya chimanjamanja.

Kuchoka pamishoni tinatsikira ku Linga, mbali yakale ya tauniyi. Kuno n'kumene Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika m'zaka za m'ma 1840 atachokera kugombe la nyanja ya mchere. Anthu ogwidwa m'midzi ya kumtunda ankasonkhanitsidwa pano, n'kuwolotsedwa pa zombo za matanga kupita tsidya lija, kenako ulendo wapansi wa miyezi mpaka ku Kilwa. Mu 1889 Harry Johnston, woimira boma la Britain, anachita pangano ndi Jumbe wa nthawiyo, ndipo patangopita zaka zochepa ufumu wa ma Jumbe unatha. Zimene anasiya zikuonekabe: mizikiti, mayina, mikanjo ya Lachisanu, ndi mpunga umene Nkhotakota imatchuka nawo. Ndinaima pamchenga n'kuyang'ana kum'mawa. Kukayera mapiri a ku Mozambique amaoneka, koma tsikulo kunali chifunga, ndipo patali pamadzi pankakwera chinthu ngati utsi. Mayi akunyumba anati bwato likupsa. Msodzi wina wosoka ukonde anaseka, "Ayi mayi, ndi nkhungu zimenezo." Tizilombo tija timene mphepo ikatibweretsa kumtunda anthu amatikola ndi malichero n'kupanga ndiwo.

Msodzi yemweyo anatichenjeza kuti tisasambe pamene pali bango ndi madzi odekha, chifukwa m'pamene pamakhala nkhono za likodzo, ndiponso kuti kumathiriro a mitsinje kumakhala ng'ona. Tinangonyowetsa mapazi pomwe mafunde ankaswera.

Pobwerera mdzukulu wa mlonda uja anatikumbutsa kuti mbiri ya Nkhotakota si ya akapolo yokha. Mu 1960, dzina likadali Kota Kota, chipani cha Malawi Congress chinachitira msonkhano wake waukulu kuno, ndipo n'kumene Kamuzu Banda anapatsidwa utsogoleri wa chipanicho wa moyo wake wonse. Zimene zinadzatsatira tonse tikuzidziwa.

Ndi wakabaza gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo nenani momveka ngati ndi wopita kokha kapena wopita, kudikira ndi kubwerera. Ife tinatenga njinga ziwiri kupita ku Mawira, akasupe a madzi otentha amene ali kunja pang'ono kwa boma. Dzinalo likunena lokha, madzi ake amatuluka pansi ngati achoka pamoto. Amene akuyembekeza malo okongoletsedwa adzakhumudwa, chifukwa awa ndi malo a anthu a m'mudzi, amachapapo ndi kusambapo tsiku lililonse, amayi kwawo abambo kwawo. Funsani mbali yanu musanayandikire, ndipo foni ikhale m'thumba, anthu akusamba sajambulidwa. Ndinaviika chala pafupi ndi potulukira madziwo n'kuchibweza msanga, ana amene ankandionerera anafa nacho chiseko.

Za kunkhalango zinatenga usiku wonse wachiwiri kuzikonza. Nkhotakota Wildlife Reserve ndi yaikulu masikweya kilomita 1,800, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, chifukwa zakomweko zinali zitatsala pang'ono kutha ndi opha nyama mozembera. Malo a njovu zochuluka chonchi simulowamo pa njinga. Mayi wa pa resepushoni anatilumikiza ndi alendo ena awiri a m'chipinda choyandikana nafe, tinasonkherana kubwereka galimoto ndi dalaivala wake, mafuta athu. Apanso chiphaso cha unzika chinagwira ntchito, chifukwa pageti Amalawi timalipira mtengo wotsika kusiyana ndi alendo akunja.

Tinanyamuka m'bandakucha, kulowera kumpoto pa M5 kenako kukhotera kumadzulo mumsewu wafumbi wopita ku mtsinje wa Bua. Mlonda uja anali atatiuza kuti tisavale zakuda kapena zabuluu, chifukwa mitundu imeneyi imaitana kashembe, ntchentche ija yoluma imene imafalitsa matenda a kaodzera. N'chifukwa chake nsalu zokolera kashembe zimene mumaziona zitapachikidwa m'mbali mwa njira zimakhala za mitundu iwiri yomweyo. Mmodzi wa anzathu aja sanamvere, anavala jinzi yabuluu, ndipo ulendo wonse anali kudziomba m'miyendo.

Nkhalango iyi ndi ya mitengo yothithikana, misuku ndi mitondo, osati chigwa choyera ngati ku Liwonde komwe nyama zimaonekera patali. Tinayenda wapansi m'mbali mwa Bua ndi msilikali wa zanyama ali patsogolo ndi mfuti. Anationetsa ndowe zofunda, nthambi zothyoledwa kumene, mapazi aakulu ngati beseni pamchenga. Anatifotokozera za mpasa, nsomba imene imachoka m'nyanja n'kukwera mtsinje umenewu kukaswa. Tinaona anyani, mbawala, ng'ona itadziyanika pamwala. Njovu tinazimva zikuthyola mitengo tsidya la mtsinje, ndipo patapita nthawi ndinaona msana umodzi wotuwa ukudutsa pakati pa masamba, basi. Mayi akunyumba akuti anaona ziwiri. Nkhani imeneyi sitinaimalizebe kunyumba.

Madzulo a tsiku lomaliza tinapita kumsika kukagula mpunga wa faya ndi kilombero. Tengani pang'ono m'manja, nunkhizani, yang'anani ngati suli wosweka kwambiri kapena wosakaniza, ndipo onetsetsani kuti mbale yoyezera si yophwanyidwa kunsi. Ulendo uno tinali pa siteji 6 koloko isanakwane. Pa mlatho wa Chia, pomwe dziwe lalikulu lija limalumikizana ndi nyanja, minibasi inaima ndipo ogulitsa nsomba anatizinga m'mawindo. Tinagula chambo, dalaivala n'kuchimangirira pagalasi lakutsogolo kuti chizipitidwa mphepo.

Tikuyandikira Benga ndinapisa m'thumba kufuna ndalama ya kondakitala, ndinatulutsa kiyi wa chipinda, thabwa lake la nambala lili lendelende. Ndinaimba foni ndi manyazi. Mayi uja anangoseka, "Musadandaule bambo, mupatseni kondakitala aliyense wobwera kuno, munene kuti ndi wa pa mango." Pa Benga ndinatsika, n'kuwoloka msewu, n'kumupereka kwa mnyamata amene sindikumudziwa ngakhale dzina. Tisanafike pa Kaphatenga uthenga unalowa pafoni: kiyi wafika.