Geji Yoyezera Dothi Ikapondedwa ndi Rola

Geji yoyezera kutsendereka kwa dothi, yomwe m'kati mwake muli timibulu totulutsa cheza choopsa (rediyeshoni), imawonongeka kawirikawiri mwanjira imodzi: woyeza waisiya pansi kuti alembe manambala, rola, chigalimoto chotsendera dothi, n'kubwerera chambuyo n'kuiponda. Ndikafika pamalo otere, ndimayamba ndi rolayo. Iime pomwepo, injini izimitsidwe, isasunthenso, chifukwa kachidutswa koopsa kakhoza kukhala katakanirira pagudumu.

Kenako ndimatchinga ndi tepi mamita 5 mbali zonse, anthu onse kunja. Dalaivala ndi aliyense amene anakhudza gejiyo asachoke, adikire chapatali mpaka tiwayeze manja, nsapato ndi zovala. Foni kwa woyang'anira chitetezo cha rediyeshoni ndimaimba nthawi yomweyo, ndipo iyeyo amadziwitsa bungwe la boma lomwe linapereka laisensi.

M'geji zambiri, monga za kampani ya Troxler, muli timibulu tiwiri totsekeredwa m'chitsulo chosachita dzimbiri. Ka Cesium-137, pafupifupi 8 mCi (mCi ndi muyeso wa mphamvu ya kambulu), kali kunsonga kwa ndodo imene imalowa m'dothi mpaka masentimita 30. Ka Americium-241 kosakaniza ndi beryllium, pafupifupi 40 mCi, kali m'kati mwa geji chakumunsi ndipo sikasuntha. Funso langa loyamba ndi lakuti, nsonga ya ndodo ili kuti? Ndimayang'ana nditaima patali. Ngati chogwirira chili m'mwamba ndipo kachitseko ka tungsten (chitsulo cholemera chotchinga cheza) kunsi kwa geji katsekeka, mtima umakhalako pansi. Ngati ndodo yapindika ili m'dzenje, ikhale momwemo, dothilo likutitchinjiriza kale. Anthu ambiri amalakwitsa pano: amafuna kuiwongola ndi manja kapena kuikoka mokakamiza. Nsongayo sigwiridwa ndi dzanja, ngakhale mutavala magolovesi.

Mita yoyezera rediyeshoni ndimaiyatsa ndili kutali, ndione kaye batire ndi nambala ya pamalo abwinobwino, kenako n'kumayandikira pang'onopang'ono. Nambala ikakwera pamzere wa tepi, ndimafutukula mpandawo. Mtunda ndi wothandiza kwambiri: mukauwirikiza kawiri, cheza chimatsika kanayi. Ndimayezanso gudumu la rola, dothi lozungulira ndi zidutswa zonse za geji.

Mita wamba siona ma neutron (cheza chochokera m'kambulu ka Americium ndi beryllium), komanso singatsimikize kuti Americium sinatayikire. Apa m'pofunika kupukuta gejiyo ndi kapepala kogwiridwa ndi chopanira chachitali, n'kukatumiza ku labu. Zotsatira zikafika 185 Bq (Bq ndi muyeso wina, waung'ono kwambiri poyerekeza ndi mCi), kambuluko kakudontha.

Ngati ndodo yabwerera n'kukhomeka, geji imalowa m'bokosi lake lonyamulira, la mtundu wotchedwa Type A, n'kulokedwa. Ikakana, timadikira katswiri abwere ndi chotchingira cha mtovu ndi chidebe choyenera. Mtovuwo ndi wa Cesium basi. Ma neutron amachepetsedwa ndi pulasitiki wokhuthala wa polyethylene kapena madzi. Tepi ndimaichotsa pokhapokha timibulu tonse tiwiri tapezeka ndipo mita yabwerera panambala ija ndinayamba nayo. Mabaji a dosimeter (oyeza cheza chimene munthu walandira) a onse amene anali pafupi amatumizidwa kokawerengedwa mwamsanga, osadikira tsiku lake.